Kiyi ya Khola la Nkhunda

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amalume anga, a Faliyoti, anabwera kudzakhala kwathu ku Balaka, ntchito itawathera padoko la ku Beira. Katundu wawo yense anakwana m'jumbo imodzi, koma chithunzi china anachikulunga bwinobwino m'nsalu. Chinali cha pulezidenti wa ku Madagascar, mkulu wa asilikali a pamadzi, atavala yunifolomu yoyera mbee, mamendulo ali mbwee pachifuwa.

"Mwamuna ndi uyu," ankatero amalume. "Analanda mabanki ndi makampani a azungu n'kuwapereka kwa anthu. Anamuchotsa pampando, koma taonani wabwereranso. Kwawoko kulibe changa, kulibe chako."

Ine changa ndinali nacho: nkhunda zisanu ndi zitatu, zochokera ku ziwiri zimene malemu bambo anandisiyira. Amalume, munthu wosadziwa ndi komwe khasu limagona, anasonkhanitsa ana a m'dera lathu n'kulengeza kuti nkhunda zonse zizikhala m'khola limodzi, khola la anthu onse. Udindo woyang'anira anadzipatsa okha. Anagula malaya oyera a pakaunjika, okhala ndi timalamba m'mapewa, ndipo ife, zitsiru zenizeni, tinkawamenyera saluti.

Madeya tinkabweretsa ndife, zitosi tinkasesa ndife. Iwo ntchito yawo inali kuyenda ndi kiyi ya khola m'khosi. Nkhunda zitayamba kuchepa anati ndi mphamba, ngakhale sitinamvepo za mphamba wotsegula loko.

Tsiku lina masana ndinamva fungo la nyama yootcha kuseri kwa bafa. Ndinapeza nthenga zamawangamawanga, ndipo ndinazizindikira pomwepo: zinali za nkhunda yaikazi ya bambo ija. Amalume anali chikhalire pamwala, milomo ili noninoni ndi mafuta.

"Amalume, mphamba uja ndinu?"

Sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anati ndine mdani wa anthu, wodzikonda, ndipo anandigwaditsa pamiyala dzuwa likuswa mtengo. Anzanga ankangoonerera, poti aliyense anali atalawitsidwako kaphiko.

Mayi anandipeza pomwepo pochokera kumsika. Anatula dengu, anamva nkhani yonse, kenako anatambasula dzanja.

"Achimwene, bweretsani kiyiyo. Za anthu onse bwanji zikuthera m'mimba imodzi?"

Titatsegula khola, ya ine inali itatsala imodzi yokha, yaimuna. Sinathe sabata. Inauluka kukasaka inzake kwina, osabwereranso.

Lero ndimalondera pageti la hotela ina kuno ku Doha, m'dziko la Qatar. M'chipinda chomwe timagona anthu asanu ndi mmodzi ku Al Muntazah muli Rivo, dalaivala wa ku Madagascar. Lachisanu lina tili pa ofu, ndinamufotokozera za chithunzi chija, ndikuyesa kuti tiseka. Sanaseke. Anati nthawi ya mkulu wa pachithunziyo, mayi ake ankafola pamzere wa mpunga m'dziko lolima mpunga. Anati anthu atayenda ulendo wopita kunyumba ya mkuluyo kukadandaula, asilikali ake anawalandira ndi zipolopolo. Ndipo zinthu zitamuthina komaliza, mwamuna wa pachithunzi cha amalume uja, wodana ndi azungu, anathawira ku France komweko.

"Khalas," anatero Rivo m'Chiluya chakuno, kutanthauza kuti basi zatha, akusasa m'manja.

Ndinayang'ana yunifolomu yanga ili lende pamsomali. Nayonso ili ndi timalamba m'mapewa, ndipo ndikudziwa bwino kuti ndi nsalu basi, telala aliyense akhoza kusoka. Anthu oterewa ndimawanyoza ndi mtima wanga wonse, wamkulu wa pachithunzi ndi wamng'ono wa kuseri kwa bafa yemwe. Masiku ano munthu akayamba kunena kuti "zathu," ine ndimayamba ndayang'ana m'khosi mwake.

Koma pa onsewo, amene ndimalephera kumukhululukira ndi ine. Palibe anathyola khola langa. Nkhunda za bambo ndinazinyamula ndekha, ziwiriziwiri, mitima yawo ikugunda m'manja mwangamu, n'kukazipereka, kenako n'kumenya saluti.