Chitsime cha Apongozi Anga

Chitsime chija anachikumba apongozi anga aamuna ine ndili ndi pakati. Ankati sangalole mpongozi wawo, mphunzitsi wathunthu, kumakakankhana pamzere wa mjigo wakutali uja mimba ili patsogolo. Kuno cha ku Chipoka nthaka ndi mchenga wokhawokha, madzi sachedwa kupezeka. Dzenje lisanawabise mutu, madzi anali atatumphuka kale, oyera mbee. Ndinkanyada nawo, osanama.

Mwana atabadwa mkaka wanga unali wochepa, komanso ndinayenera kubwerera kusukulu. Tinayamba kumupatsa mkaka wa m'chitini. Ine pa zaukhondo sindiseka ndi munthu. Madzi ake ndinkawawiritsa pambaula mpaka atsale theka la poto, n'kuwiritsanso. Mlamu wanga ankandinena kuti ndikuphika madzi ngati nyemba.

Tsiku lina nditaweruka ndinapeza mwana ali lefu, osalira n'komwe, milomo ndi zikhadabo zitada ngati wadya jambula. Tinathamangira kuchipatala pa njinga yamoto, ndipo anafikira kumuika pa mpweya.

"Mayi, mkakawu mumasungunula ndi madzi a kuti?" anafunsa adokotala.

"A pachitsime pathu, koma owiritsa kawiri," ndinayankha mokweza kuti ena amve.

Adokotala anapukusa mutu. "Kuwiritsa kumapha tizilombo, inde. Koma ngati m'madzimo muli mchere wochokera ku feteleza kapena ndowe, umene timati nayitireti, madzi amaphwera, mcherewo n'kutsala wochuluka. Ndi umene ukulepheretsa magazi a mwanayu kunyamula mpweya."

Makala onse aja ndinkawotcha, kani ndinkamukoleza mwana wanga poizoni! Ndinakhala pansi pasimenti pompo.

M'mawa mwake ndinapita kunyumba kukatenga matewera, ndipo ndinapeza a zaumoyo atafika ndi timapepala toviika m'madzi. Ataviika kena m'ndowa ya pachitsime pathu, kanafiira psuu. Ndinalunjika kwa bambo woyandikana nafe amene amaweta ng'ombe.

"Ndi khola lanuli! Mwandiphera mwana!"

"Pepani aphunzitsi," anatero bamboyo modekha, "koma khola langa lili kumunsi kwanu. Kodi madzi amakwera chitunda?"

A zaumoyo anavomereza kuti madzi a pansi amatsetsereka kulowera kunyanja, choncho gwero tikalifune kumtunda. Tinayenda chokwera. Sitinapite patali. Pamwamba pa chitsime chathu panali dimba la apongozi, chimanga chili biriwiri pakati pa chilimwe. Popeza mchenga umameza feteleza msanga, iwo ankathira mobwerezabwereza, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. Pambali pake panali dzenje lawo la manyowa, lonyowa nthawi zonse. Titadutsa dimbalo tinapeza chitsime cha banja lina. Kapepala kanalowa, kanatuluka koyera.

Apongozi anali atatitsatira chapatali, chipewa chili m'manja.

"Ndiye kuti ndine?" anafunsa. "Chimangachi ndimalimira mdzukulu wanga yemweyo, kuti akadzayamba phala asadzasowe ufa."

Ndinali nditakonzeka kulalatira aliyense, koma osati iwowa. Ndinafuna kuwagwira dzanja, kuwauza kuti nanenso poto wanga uja anathandizira. Koma mpongozi sayandikira apongozi ake aamuna. Ndinangogwada pamchengapo, misozi ikutsika, iwo akuyang'ana kumbali.

Mwana anachira, Mulungu ndi wamkulu. Tsiku lotuluka m'chipatala ndinapeza chitsime chitakwiriridwa ndi miyala ndi dothi. Apongozi anachikwirira okha, anakana wowathandiza. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankamanga zigubu panjinga n'kukaima pamzere wa mjigo, mwamuna mmodzi wa imvi pakati pa amayi. Ena ankawaseka, iwo n'kumangodikira nthawi yawo yotunga. Zigubuzo ankazitula pakhonde panga n'kubwerera.

Pano mwanayo amathamanga, ndipo sachoka pamiyendo pa agogo ake. Amamusendera nzimbe, amamuchotsera minga m'nsomba, amamupangira galimoto ya mawaya. Koma akangoti "Agogo, madzi," ngakhale ndowa ili pambali pawo ndi kapu pamwamba, iwo amabisa manja kumbuyo n'kuitana chakukhitchini:

"Amake mwana, bwerani. Akuti ali ndi ludzu."