Kiyi wa Lole ya Alamu Anga

Lachiwiri m'mawa kiyi wa lole imene amayendetsa alamu anga, a Kachingwe, anathyoka pakati. Lole inali itaima kuseri kwa sitolo, pafupi ndi mlatho wa Lilongwe, itadzaza matumba a mtedza oti akakwere sitima ku Salima mawa lake. Kiyi anali mmodzi yekhayo. Bwana wawo, mmwenye wogula mbewu, sanachulutse gaga m'diwa: mawaya a lole yake asakhudzidwe, ndipo mtedza ukatsalira sitima, ntchito ya alamu yathera pomwepo.

Alamu anandipeza ku ofesi thukuta lili kamukamu, tinathamangira limodzi ku galaja. Kalaliki wa kumeneko anayang'ana nambala ya pa kiyi, natsegula buku lalikulu, nati watsopano aitanitsa ku Salisbury. Masabata atatu, mwina anayi.

"Sitimatu ndi mawa, bambo," anatero alamu.

"Sitimayo si ya galaja ino."

Mlonda wa pageti ndiye anatiuza za Che Msusa, amene amakonza maloko ndi mapulayimasi pakhonde lina kufupi ndi mzikiti. Ine ndadutsa pakhondepo zaka zisanu osadziwa dzina lawo.

Che Msusa analumikiza zidutswa ziwirizo pachikhatho, nazipenda nthawi yaitali.

"Tangotengerani pomwepa, achimwene, tikuchedwa," anatero alamu.

"Uyu? Mano ake anatha kalekale ngati a agogo anga. Ndikatengera pamenepa ndikupatsani nkhalamba inanso. Lole ili kuti?"

"Mpaka mukaone lole?"

"Telala amakuyezani inuyo kapena amayeza malaya anu ong'ambika?"

Ananyamula tupa ziwiri, kandulo, kopanira zitsulo ndi kiyi wamkuwa wopanda mano, tinapita.

Zimene ndinaona ndi izi. Anayamba apala mano mongoyerekeza, kusiya otalikirapo. Kenaka anayatsa kandulo, nadetsa kiyiyo ndi mwaye, namulowetsa m'loko, napotoza pang'ono, namutulutsa. Pamene loko wakanda mwaye, pamenepo ndi pamene tupa ikadye. Kupala katatu, kudetsanso, kulowetsanso. Ndinawerenga: anabwereza kakhumi ndi kanayi.

Pofika kachisanu alamu anali atayamba kuzungulira lole.

"Che Msusa, dzuwatu likupita!"

"Lisiyeni lipite. Chitsulo ndikachipala mopitirira sindingachibwezere. Khalani pansi, alamu ake a munthu, mukunditchingira kuwala."

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kakhumi ndi kachinayi kiyi anazungulira mofewa, injini inalira, bwana uja anatuluka m'sitolo akuseka.

Tsono funso langa kwa inu owerenga ndi ili: n'chifukwa chiyani tonse awiri tinayamba tathamangira ku buku la ku galaja? Chiyambire Chitaganya tazolowera kuti chilichonse chofuna kulondola chichokere kummwera. Chitsulo cha njinga, ku Bulawayo. Galasi la nyali ya galimoto, ku Salisbury. Tafika pokhulupirira kuti manja a kuno amatha kunyamula matumba, koma kuyeza ayi.

Sindikunyoza makina. Makina odulira makiyi ndi achangu, ndipo ndikufuna tsiku lina adzafike m'tauni muno. Koma makina amatengera chimene mwawapatsa. Mukawapatsa kiyi wotha, akubwezerani wotha, wonyezimira bwino. Che Msusa alibe satifiketi, ndipo palibe galaja imene ingawalembe ntchito yoposa kupukuta magalimoto. Komatu anadziwa kuti muyeso weniweni uli m'loko.

Magalimoto akuchuluka m'Lilongwe. Aphunzitsi, makalaliki ndi alimi a fodya ayamba kugula akale, ndipo ambiri amabwera ndi kiyi mmodzi. Ntchito ilipo, ndipo odziwa kuigwira tili nawo kale.

Alamu, ataona kuti zatheka, anapempha kiyi wachiwiri. Che Msusa anatulutsa wina wopanda mano m'thumba, namudula, namuyesanso m'loko momwemo. Alamu analandira ndi manja awiri, nayamba kumangirira makiyi onse awiri pa chingwe chimodzi.

"Mukutani?"

"Kuti asasowe."

"Akadzasowa adzasowera limodzi, ngati mapasa. Winayo akasunge akazi anu kunyumba."

Kiyi wachiwiriyo tsopano ali m'chitini cha singano cha mlongo wanga.

Mtedza unakwera sitima. Alamu anabwerako Lachinayi, ali pantchito, ndipo akuuza dalaivala aliyense wa pamsika za kandulo ija ngati anaitulukira ndi iwo. Dzulo ndinapeza malole awiri ataima pakhonde la Che Msusa.

Nanga inu, pa msewu umene mumadutsa popita kuntchito, ndani amakhala pakhonde ndi tupa, singano kapena nyundo, amene simunamufunsepo n'komwe dzina?