Foni ya Ababa Itachita Khungu

Ndikukumbukira nthawi imene banja lathu linagawanika pawiri chifukwa cha mafoni. Mabanja ena amakangana za mpira, ena za mipingo, koma ife ku Sakubva, m'tauni ya Mutare, nkhondo yathu inali ya foni. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, kamtsikana kowonda kolongolola, ndipo pa mbali ya Ababa msilikali wamkulu ndinali ine.

Ababa anabadwira ku Ntcheu, anabwera kuno ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji. Atapuma analowa ulonda pa fakitale ina ya matabwa ku Paulington, moti malaya awo ankangonunkhira utuchi. Foni yawo inali ya mtundu uja wonenepa, wotuwa, wa mabatani olimba, umene anthu a kuno ankautcha chidhinha, ndiye kuti njerwa m'Chishona. Ena ankatero monyoza, koma Ababa dzinalo ankalilandira ndi manja awiri. Ankati kampani imene inapanga foniyo ndi yokhayo yodziwa ntchito padziko lonse, enawa akungoumba zidole. Ankaipukuta ndi kansalu kakekake, ankaisunga m'sokosi yoyera, ndipo chaja ya mtundu wina sinkaloledwa ngakhale kuinunkhiza.

Mdani wawo anali amalume a Pondani, mlongo wawo wa Amayi, amene ankakhala ku Darlington n'kumachita geni yodumphitsa katundu ku Mozambique. Iwo anali ndi foni yasiliva yopinda, yotsegula ngati kachitseko. Ikalira ankaisiya kaye iyimbe kuti aliyense amve, kenako n'kuitsegula ndi chala chimodzi, kha! Awiriwa ankakondana ndithu, koma akakumana pa msonkhano wa sosaite ya maliro, imene anthu a kwathu ankachitira pakhonde pathu, moni wake unali umodzimodzi.

"Alamu, kabokosi kanu ka fodyako kakadali moyo?" ankayamba Ababa.

"Kali moyo, alamu. Nanga mwala wanu wokhulira mapaziwo?"

Pamenepo Ababa ankaimirira, kuisolola foni m'sokosi muja, n'kuitaya pansi anthu onse akuona. Inkagawika patatu, chivundikiro uko, batire uko, thupi lake apa. Iwo n'kutola modekha, kulumikiza, kuyatsa, kanyimbo kake n'kulira. "Tayani yanu tione," ankatero. Amalume ankangoseka n'kubweza kabokosi kawo m'thumba. Ine mtima unkachita kufufuma. Foniyo ndinkaikonda kuposa mwini wake. Ndinkadziwa chilichonse chili m'katimo, ndipo poti maso a Ababa anali atayamba kuvuta, mayina a anthu ndinkawawerengera ndine.

Mwa mayina onsewo linalipo limodzi lolemera kuposa anzake. Ababa anali ndi mlongo mmodzi yekha wotsala ku Ntcheu, azakhali a Nabanda, amene anatha zaka zoposa makumi atatu osalumikizana nawo. Makalata analeka kufika kalekale, aliyense n'kumaganiza kuti mnzake anamwalira. Tsiku lina dalaivala wa thiraki wochokera ku Malawi anabwera kutchalitchi kwathu, ndipo pocheza zinapezeka kuti mudzi wa azakhaliwo amaudziwa. Atabweranso anabweretsa kapepala ka nambala ya aphunzitsi ena, a Kamanga, oyandikana ndi azakhali. Azakhaliwo foni analibe. Pangano linali lakuti Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse, nthawi ya 3 koloko masana, iwo aziyenda kupita kwa aphunzitsi kukadikira, Ababa aziimba. A kumudziko sakanatha kuimba kuno, kunali kudula. Amayi anati nambalayo ilembedwe kuchikuto kwa Baibulo. Ababa anakana kwamtuwagalu. "Mapepala amadyedwa ndi chiswe. Foni iyi siiwala." Kapepala kaja anayatsira mbaula.

Zinali zaka zija zovuta, mashelefu a m'masitolo ali mbee, magetsi akubwera ngati mlendo. Sabata ina ku Sakubva anazima masiku ambiri motsatizana, mpaka batire imene Ababa ankaitama kuti siitha inatsala kamzere kamodzi. Linali Loweruka, mawa lake tsiku loimbira azakhali. Ku Darlington magetsi analiko. Ababa anazungulira nyumba kawiri asanameze manyazi awo, kenako anandiitana.

"Esnati, pita nayo kwa amalume ako. Chaja ndi iyi, usalole ina. Akafunsa, uwauze kuti sinathe moto, tikungowonjezera."

Ndinakwera kombi, minibasi ya kuno, mpaka m'tauni, kwinako n'kuyenda pansi, foni ili m'sokosi, sokosi ili m'thumba la diresi, dzanja lili pamwamba pake. Amalume sindinawapeze. Ndinapeza mwana wawo Loveness, msuweni wanga wa msinkhu umodzi, amene pakamwa pake panali pakuthwa ngati panga pomwe. Foni itadzaza, anaiyang'ana ngati waona chule m'mbale.

"Njerwa yanuyi kujambula zithunzi imatha?"

"Yathu si yachibwana. Yanuyo itagwa pabedi ikhoza kufa."

"Yanunso imasweka, kungoti ababa ako amaigwetsera pafupi."

Abale inu, mawu amenewo anandilasa. Kunyoza ine akanatha, koma kunena kuti Ababa amachita chinyengo? Kuseri kwa nyumba kunali thanki ya madzi pamwamba pa nsanja yachitsulo, pansi pake simenti. Ndinakwera makwerero onse, zitsulo zikutentha m'manja, mpaka ndinkaona madenga a anthu ndi mapiri kutsidya. Ndinaivula sokosi monga ankachitira Ababa, kuikweza m'mwamba, n'kuisiya.

Paja amati tsoka silinunkha. Chimene sindinkadziwa, ndipo ndinadzachizindikira nditakula, n'chakuti Ababa ankaitaya kuchokera m'chiuno, ndipo phazi lawo la patapata linkakhala likuidikira pansi kuti ifikire pamenepo kaye. Yanga inafikira pa simenti, phwaa! Zidutswa zinali zitatu monga mwa nthawi zonse, ndiye ndinatsika ndikumwetulira. Ndinalumikiza, ndinayatsa, kanyimbo kaja kanalira bwinobwino. Ndinamuyang'ana Loveness mwamatama. Iye sankayang'ana ine, ankayang'ana galasi la foni. Linali bii, ngati mwathiridwa inki, osaoneka ngakhale chilembo chimodzi.

Ulendo wobwerera sindiukumbukira bwino, ndimangokumbukira kuti m'kombi ndinkapemphera kuti igubuduzike pang'ono, osati kwambiri, kuti mlandu ukhale wa ngozi. Ndinawapeza Ababa akusoka nsapato pakhonde. Ndinagwada n'kuwapatsa foni, ndipo ndinanena zonse, za thanki zomwe, misozi ili chuchuchu. Anaitembenuza, anaidina, inalira kuti tii, tii, koma galasi lili bii. Sanandikalipire. Amayi anatuluka m'nyumba manja ali ndi thovu la sopo, anasuzumira, n'kufunsa motsitsa mawu, "Nanga nambala ya achemwali anu?"

Apo m'pamene ndinazindikira chimene ndinaswa. Ndinaona m'maganizo mayi wokalamba amene sindinamuonepo, atakhala pakhonde la aphunzitsi ku Ntcheu, akudikira mpaka dzuwa kupendeka, kenako n'kubwerera kwawo akuganiza kuti mlongo wake wasowanso. Bola akanandikwapula.

Masana omwewo Ababa anapita nayo m'tauni kwa anyamata okonza mafoni pafupi ndi pokwerera mabasi. Onse anapukusa mitu, ati magalasi a mtundu umenewo kulibe, mwina mwezi wamawa wina akapita ku Joni. Mmodzi anati aitsegule aone, Ababa anailanda ngati akulanditsa mwana.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, amalume anatulukira, Loveness atawauza kale zonse. Ndinkayembekeza kuti aseka mpaka kugwa, koma anakhala pansi mwaulemu, ngati afika pa siwa. Anati tichotse laini, kakhadi ka m'kati kaja, tiike mu foni yawo, mwina mayina aoneka. Ababa anazengereza, kenako analola, nkhope itayang'ana kumbali. Munalibe kanthu. Mayina onse Ababa anawasunga mu foni mwenimwenimo, poti laini sankaikhulupirira.

Nthawi inali itakwana 3 koloko. Ababa anabweza laini, n'kuigwira foni ndi manja onse awiri.

"Yachita khungu, koma mutu wake uli bwino," anatero. "Chala changa njira chimaidziwa. Batani ili kamodzi, kenako kutsika kakhumi ndi kasanu."

Anadina akuwerenga mokweza. Anaika kukhutu. Mwadzidzidzi m'thumba la amalume munayamba kuimba nyimbo. Amayi anaphulika kuseka mpaka kugwira khoma. Amalume anaitulutsa, kha, n'kunena kuti, "Halo alamu, kuno ku Ntcheu tili bwino." Ngakhale Ababa milomo inagwedera.

Anayesanso, ulendo uno kutsika kakhumi ndi kasanu ndi kamodzi. Anayankha mayi wina wa kumsika amene ankatisungira mafuta ophikira akapezeka, ndipo asanamve n'komwe kuti ndani anayamba kufotokoza m'Chishona kuti mafuta kulibe. Ababa anadula msanga. Kuseka kunatha, chifukwa mayunitsi amene anasungira Malawi anali ochepa, ndipo ena anali atapita. Thukuta linali kamukamu pamphumi pawo. Nthawi inali itadutsa ndi mphindi makumi awiri.

Ine ndinali nditakhala pakona ngati nkhuku yonyowa, koma m'mutu mayina aja ankayenda okha, monga ndinkawaonera tsiku ndi tsiku. Ndinayamba kuwatchula chapansipansi, kuyambira pamwamba, ndikupinda zala. Nditafika pakati ndinaona pamene panalakwika.

"Ababa," ndinatero, "mwezi uno munandiuza ndilembemo alonda anzanu atatu atsopano. Onse ali pamwamba pa a Kamanga. Mutsike kakhumi ndi kasanu ndi katatu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, koyamba chichitikireni ngoziyo. Kenako anandipatsa foni. "Dina ndiwe."

Ndinadina, aliyense akuwerenga nane, amalume omwe. Ndinawabwezera. Kunali zii kwa kanthawi, kenako kulira kuja kwachilendo, kotalika, kwa foni ya kudziko lina. Wina anayankha, ndipo ngakhale ndinali patali ndinamva Chichewa chija chosalala cha kumudzi, chosasakaniza ngati chathuchi. Anali aphunzitsi a Kamanga. Ababa sanapereke n'komwe moni.

"Aphunzitsi, pepani, musanawapatse achemwali, tandiuzeni nambala yanuyi pang'onopang'ono."

Aphunzitsi ayenera kuti anadabwa, munthu wawaimbira yekha n'kumafunsanso nambala. Cholembera chinasowa, monga chimachitira nthawi zonse chikafunika. Amalume anatsegula kabokosi kawo ka fodya kaja n'kumalemba momwemo, Ababa akutchula, ine ndikubwereza mokweza. Amayi anathamangira khala la pambaula n'kulembanso pakhoma kuseri kwa chitseko.

Kenako anabwera azakhali. Mawu awo oyamba tinawamva tonse: "Achimwene, ndimati mwanditayanso." Ababa, munthu amene ankatha kukangana za batire kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anangoti, "Ayi, achemwali. Ayi." Anayankhulana mwina mphindi ziwiri, za mvula ndi za mwendo wa azakhali, mayunitsi n'kutha.

Ndinkaganiza kuti nkhondo ya mafoni yathera pomwepo. Ha! Ababa anapukuta m'maso ndi kansalu ka foni kaja, anatembenukira kwa amalume, n'kunena kuti, "Mwaona alamu? Yagwa kuchokera pa thanki, yachita khungu, koma yafika ku Malawi. Yanuyo ingathe?" Amalume anakweza manja. Foniyo Ababa anakhala nayo yakhungu choncho pafupifupi chaka, galasi litapezeka anachita kukakamizidwa kuti aikonzetse, ndipo nkhani ya thanki inasanduka umboni wawo waukulu pa sosaite. Chilango changa chinali chakuti Lamlungu loyamba lililonse ndizidina ndine, kenako ndizipereka moni kwa azakhali. Iwo ankaseka Chichewa changa chodzaza Chishona n'kumandikonza, ndipo chambiri chimene ndikulemba lerochi ndinachitola m'timphindi timeneto.

Masiku ano ana anga awiri nawonso ali m'magulu, wina foni ya mtundu uwu, wina uwo, amanyozana za makamera mpaka ndimachita kuwathamangitsa patebulo. Mafoni awo ndi opyapyala, okutidwa m'zikopa, ndipo palibe angayerekeze kuwagwetsa dala. Zidzukulu za azakhali timaonana nazo nkhope pa foni tsiku lililonse limene tafuna, popanda woyenda mtunda kukadikira pakhonde la munthu. Mwina n'chifukwa chake timatha miyezi osaimbirana. Ababa anatisiya, azakhali anatsatira chaka chinacho, osaonananso maso ndi maso. Nambala ya mwamuna wanga sindiidziwa pamtima, ngakhale ya ana anga. Koma ya aphunzitsi a Kamanga, imene inasiya kugwira ntchito kalekale, mutandidzidzimutsa lero ndikhoza kuitchula yonse osaphonya.