Nsapato Amasoka Ziwiriziwiri

Tsiku limene adokotala ananena zodula mwendo wa mkazi wawo, a Chidendene anakhala pansi pakhonde la chipatala n'kulira ngati mwana. Bambo wa imvi zake, misozi chuchuchu, anthu akudutsa.

Dzinali anawapatsa ndi makasitomala, poti zaka makumi awiri akukonza nsapato pakona pa msewu, pa zidendene panalibe wowaposa. Koma amisiri mukuwadziwa: za eni lero, za pakhomo mawa. Nsapato ya mkazi wawo itamatuka, anangoikhoma misomali iwiri mothamanga, amvekere, "Valani, amayi, ndidzasoka Loweruka."

Tsoka silinunkha. Mayiwo ankadwala matenda a shuga, ndipo mapazi awo anali atachita dzanzi kalekale. Msomali unatulukira mkati, iwo osamva kanthu. Anauponda sabata yathunthu mpaka phazi linatupa n'kuyamba fungo.

"Tiyesa milungu isanu ndi umodzi," anatero adokotala. "Bala likapanda kusintha, tidula."

Bambowo atalowa muwodi anagwada pafupi ndi bedi. "Ndakupundulani ndine, amayi. Ndi manja angawa."

"Mwatha kulirako?" anafunsa mkazi wawo. "Manja omwewo andisamale. Pukutani mamina, anesi akukufunani."

Anesiwo anawaphunzitsa zonse: kutsuka bala, kuyeza shuga, kupereka mankhwala pa nthawi yake, kuchulutsa masamba m'mbale, ndiponso kupisa dzanja m'nsapato mayi asanavale.

Atabwerera kunyumba, m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, a Chidendene ankayesa madzi ndi chigongono kuti asawotche mapazi osamvawo. Ankapukuta chala chimodzichimodzi, n'kusuzumira ndi pakati pomwe. Munthu wothira masupuni anayi a shuga mutiyi anasiyiratu, kuti mkazi wawo asamamwe wowawa okha. Ankameza nkhope itakwinyika, uku akuti, "Koma ndiye akukoma!"

"Bodza silikukhalani, bambo," ankaseka mayiwo.

Sabata yachitatu bala linali chimodzimodzi. Apa ndi pamene mayi olimba mtima aja anafooka. "Angodula basi. Mwatopa nane, ndikuona."

A Chidendene anapitiriza kumanga bandeji, osadzutsa mutu. "Ine nsapato ndimasoka ziwiriziwiri, amayi. Imodzi yokha sindidziwa kasokedwe kake."

Kunena zoona, ine wofotokoza nkhaniyi mawu amenewa amandigwetsa misozi mpaka lero.

Ndipo anasokadi ziwiri. Chikopa chofewa, kutsogolo kotakasuka, msoko wonse kunja, msomali ngakhale umodzi ayi. Katatu anesi anazibweza kuti zikupana, katatu iwo anaphwasula n'kuyambiranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lija litakwana, adokotala anamasula bandeji n'kuyang'ana nthawi yaitali. Bala linali litayamba kutseka m'mbali. "Mwendowu ndi wanu, mayi," anatero. "Pitani nawoni."

Kupola kwenikweni kunatenga miyezi inayi, ndipo shugayo sanathe ayi, akadali naye. Koma lero mayiwo amayenda okha kupita kumsika. Anesi nawo amatumiza odwala shuga pakona paja, ndipo mmisiriyo sagwira chikopa asanaone phazi la munthu. Ena amabwera ndi manyazi, atabisa mabala m'masokosi. Iye amangowakokera mpando n'kunena kuti, "Vulani, achimwene. Kwathu tinadutsamo."

Madzulo awiriwo amazungulira mzere wa nyumba zawo atagwirana, mayi akudandaula kuti bambo akuyenda ngati nkhalamba.

Inu amene mukudwala shuga, ndi inu amene mukudwazika, mwina munalakwitsapo penapake ndipo mtima umakutsutsani. Lirani pang'ono, kenako dzukani, pakuti wodwala wanu akufuna manja anuwo. Mawa m'mawa gwadani muone mapazi ake. Osataya mtima, abale anga, ulendo ukadalipo.