Mfuti imene a Aulis sanathe kuitama

A Aulis Rönkkö a ku Kiuruvesi anayendetsa basi ya makalata zaka makumi atatu, koma mukawafunsa ntchito yawo ankati ndi katswiri wa mfuti zakale za asilikali. Anali nazo makumi anayi m'kabati yachitsulo. Kunkhondo sanapite, anali akuyamwa. Kosaka mphalapala ankapita chaka ndi chaka, koma nyama yogwa ndi chipolopolo chawo palibe anailawapo. Luso lawo linali m'maso ndi pakamwa. Munthu akabwera ndi mfuti ya malemu bambo ake, iwo ankaitembenuza, n'kuunika zidindo ndi galasi, kenako n'kupukusa mutu ngati dokotala amene waona kuti wodwalayu sachira.

Imodzi yokha ndiyo inkawasowetsa mtendere: mfuti yaifupi ya asilikali okwera pamahatchi, imene iwo analibe. Zinapangidwa zochepa, zambiri n'kuthera kunkhondo. Sankaifunira kuwombera ayi. Ankafuna adzaigoneke patebulo m'nyumba yokumaniramo alenje, pakati pa makapu a khofi, kuti a Tauno Kärkkäinen, mnzawo wolimbirana nawo ukatswiri, atsamwidwe ndi banzi la pulla lili m'kamwa.

Loweruka lina masana m'nyumbamo munalowa Mayi Kyllikki Hyvönen, atanyamula kanthu kokulunga m'bulangete lakale. Amuna awo anali atangoikidwa, ndipo lamulo linkafuna kuti mfuti yawo ipite kwa munthu wachilolezo.

A Aulis anamasula bulangete. Paipi yaifupi. Chokokera chopindikira pansi, thabwa lokumbidwa bwino pogona chokokeracho. Timakutu tiwiri tachitsulo kutsogolo, chidindo cha asilikali cha SA pamalo pake. Inali yomweyo. Anayang'ana mayiwo, n'kuona kuti sakudziwa kanthu.

"Nanga ndi yabwino, a Aulis?" anafunsa mayiwo.

"Pepani, mayi. Iyi inali yaitali. Nkhondo itatha, alenje ankazidula ndi sowo kuti zisamakole m'tchire. Ndi chitsulo chabe ichi. Koma poti malemu tinkamwera limodzi khofi, ndiitenga ine, ndikubweretserani ngolo ya nkhuni."

Mayiwo anathokoza mpaka misozi. Amuna khumi ndi awiri anamva mawu amenewo, a Tauno ali pomwepo.

Chimwemwe chinatha asanafike n'komwe pakhomo. Aionetsa ndani? Akanena kuti ndi yeniyeni, ndiye kuti aulula okha kuti anabera mayi wamasiye anthu akuona, m'dera limene aliyense amadziwa mpaka tsiku limene mnzake amakoleza moto ku sauna, kanyumba kosambiramo nthunzi. Akati analakwitsa poyamba, ukatswiri uja wathera pomwepo, ndipo mfuti iyenera kubwerera kwa mwini wake. Anaitsekera m'kabati.

A Tauno sanali opusa. Tsiku lija anangoiona patali, koma anaona mmene mnzawo anaikulungira msangamsanga m'bulangete muja.

"Akulu, chitsulo chanu chija chadzuka bwanji?" ankawafunsa pa khofi. "Ndikumva mumachipaka mafuta kuposa mmene mumasisitira msana wa akazi anu."

"Iwe Tauno, pakamwa pakopo padzakupweteketsa."

"Ndipatseni ine ndizikasonkhezera moto ku sauna. Kapena si chitsulo chabe? Nenani, tonse tilipo. Mayi Kyllikki nawo sakhala patali, tiwaitana."

A Aulis ankameza khofi wotentha osauzira.

"Ndi chitsulo chabe," ankatero.

Chaka china kunabwera wosonkhanitsa mfuti wa ku Helsinki ndi mfuti ya mtundu womwewo, yadzimbiri, thabwa long'aluka. Amuna anaiunjirira ngati mwana wobadwa kumene. A Tauno anakweza mawu dala.

"Taonani, a Aulis, yeniyeni ndi iyi! Igwireni pang'ono, mwina simudzaionanso."

A Aulis anaigwira. Yawo inkaiposa kutali. Milomo inayamba kuyenda, koma anangoti galimoto aisiya yoyaka magetsi, n'kutuluka. Anakhala panja m'chipale chofewa ola lathunthu opanda chipewa.

Zinatero zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mayi Kyllikki anamwalira akuwatchulabe munthu wachifundo. A Tauno nawo anapita. Panalibenso wowaopa, komabe sananene. Bodza linali litakula moti kulibweza kukanafuna munthu wolimba mtima, ndipo a Aulis sanali munthu wotero.

A Aulis atamwalira, mwana wawo Jarmo anabwera kuchokera ku Tampere. Za mfuti sankadziwa ngakhale kumene chipolopolo chimalowera. Anaitana alenje otsala kuti amuthandize kusankha zokagulitsa. Atafika pa yaifupiyo, mkulu wina anaikankhira pambali osaiyang'ana n'komwe.

"Iyo usavutike nayo, mwanawe. Bambo ako anatiuza okha, osati kamodzi. Pa mfuti sankalakwitsa."

Jarmo anaipereka kupolisi pamodzi ndi zitsulo zina zokasungunula, n'kusaina pepala. Pamaliro abusa anali atanena kuti malemu anali munthu amene mawu ake anthu ankawakhulupirira. Pamenepo pokha abusawo sananame.