Mphunzitsi wa ku Jeremani pa mtondo wa amayi

Lero ndadutsa pachigayo ku Nathenje, ndipo fungo la gaga landibwezera ku Mitundu, ndili kamtsikana ka sitandade 3.

Kusekondale komwe bambo ankagwira ntchito ya ukalaliki kunali mphunzitsi wokalamba wa ku Jeremani. Ankaphunzitsa Chilatini, koma mtima wawo unali pa mabuku a Chigiriki chakale, a zilembo zopindika ngati nyongolotsi. Ndinkafunitsitsa kudziwa kuti amamvamo chiyani.

Tsiku lina masana anatulukira kwathu, amayi akukonola chimanga uku akuimba, bambo ali pakhonde. Amayi anasiya musi n'kugwada.

"Ayi, mayi, pitirizani," anatero mkuluyo m'Chichewa chawo cholemera. Anatsegula buku n'kumawerenga mokweza, mawu akugwera pamodzi ndi musi. Anatiuza kuti akazi a m'bukumo ankaimbanso popera tirigu kalekale. Kenaka anatulutsa kope ndi pensulo.

"Mwana, nyimbo ya amayi ikuti chiyani? Nena pang'onopang'ono, ndilembe."

Pamtondo mkazi amaimba zomwe sanganene pamaso, ndipo mwamuna amakhala ngati sakumva. Izi ine sindinkazidziwa. Ndinaimirira bwinobwino ngati m'kalasi.

"Ikuti, mwamuna wanga akapita ku Nathenje panjinga, amabwera akununkhira sopo yemwe m'nyumba muno mulibe."

Musi unaima m'malere. Kunangomveka pensulo ikukanda pepala ndi nkhuku zikutola gaga.

Mphunzitsi uja anakwera pakhonde akumwetulira, n'kupereka kope ndi manja awiri.

"Bambo, tawerengani mokweza, tione ngati ndalemba bwino."