A Gedion Osesa Makompyuta

Ku komboni ya Maglas, m'tauni ya migodi ya Zvishavane, mlendo akafunsa za a Gedion Kachingwe ankayankhidwa ndi funso lakuti, "Mukunena a Dokotala kapena a Tsache?" Anali munthu mmodzi yemweyo. Amene makompyuta awo anachira ankati a Dokotala, ena onse ankati a Tsache.

Bambo awo anachoka ku Ntcheu wapansi n'kuoloka malire kudzakumba miyala ya asibesitosi. A Gedion anabadwira m'komboni n'kukulira momwemo, koma kutsika pansi pa mgodi anakanitsitsa. Ankati munthu amalowa m'nthaka kamodzi, ndipo amachita kunyamulidwa. M'malo mwake anapeza ntchito yosesa m'maofesi a kampani ina ya malole onyamula miyala, ndipo anasesa kumeneko zaka makumi awiri ndi zitatu. Ankadziwa zimene bwana aliyense ankataya m'bini: makalata ong'ambidwa pakati, mabotolo okutira m'nyuzipepala, tsiku lina ndolo ya mkazi amene sanali mkazi wa bwanayo. Sanauzepo munthu. Sikuti anali woyera mtima kuposa anzawo ayi. Anangoona kuti wantchito wodziwa zinthu koma wotseka pakamwa, mabwana amamukumbukira akatopa ndi jekete.

Mu ofesimo munali mtsikana wina dzina lake Anisa, amene ankasamala makompyuta. Kalaliki akadandaula kuti makina ake akuyenda ngati ngolo ya abulu, Anisa ankaikamo kachimbale, n'kudina kachithunzi ka tsache, manambala n'kuyamba kuthamanga pagalasi. A Gedion ankaima kumbuyo kwake atatsamira tsache lawo lenileni.

"Mwanangu, chimenechi chikuchita chiyani?" anafunsa tsiku lina.

"Chikusesa, sekuru," anayankha Anisa, powatchula agogo m'chinenero cha kumeneko. "M'kompyuta muli kaundula momwe imalembamo zonse zofunika kukumbukira. Pulogalamu ikachotsedwa imasiyamo mayina ake, ndiye ichi chimafufuta zotsalirazo. Chimafufutanso mapazi a munthu, konse kumene wayenda pa intaneti."

"Ndiye ndi ntchito yanga yomweyi."

"Yomweyo, sekuru, kungoti ichi sichipempha tiyi."

M'chaka cha 2007 malole anaima posowa dizilo, udzu n'kumera pansi pa matayala, kampaniyo n'kutseka. Anisa anakwera basi ya ku Botswana. Asanapite anawapatsa a Gedion kachimbale kaja n'kuwaonetsa malo atatu oyenera kudina. Anawalangizanso chinthu chimodzi: ikafunsa ngati mukufuna kusunga zakale musanafufute, muzivomera nthawi zonse.

Akazi awo, mayi Leticia, anaseka mpaka kugwira m'nthiti atamva zoti bambowo akufuna kumakonza makompyuta. Munthu amene akafuna kutumiza uthenga pafoni ankachita kupempha aneba. Koma a Gedion anavala dasitikoti yoyera, jasi ya antchito, imene inasiyidwa pamsomali ku ofesi, anakulunga kachimbale kaja m'sokosi, n'kuika m'chikwama pamodzi ndi sikurudiraiva, burashi yopentera ndi mpope wa njinga.

Akafika panyumba ya munthu, ankayamba ndi zimene manja awo ankadziwa. Ankatulutsa bokosi la kompyuta pakhonde, kulitsegula, n'kulipopa mpweya. Fumbi la ku Zvishavane silichita manyazi. Linkatuluka m'menemo loti mungadzaliremo nyemba, nthawi zina pamodzi ndi mphemvu zouma. Kafani kamene kankalira ngati chigayo kankayamba kuzungulira mwakachetechete, makina n'kusiya kutentha. Kunena zoona, mwina kuchira kwenikweni kunali kumeneko. Koma eni ake sankasamala za fumbi. Ankadikira nambala.

A Gedion ankapukuta m'manja, kukhala pampando wabwino wa m'nyumbamo, n'kudina malo awo atatu aja. Pagalasi pankatuluka chiwerengero cha zolakwika zopezeka mu kaundula, ndipo ankachiwerenga mokweza ndi nkhope ya maliro.

"Wani sauzande firii handiredi. Mukadachedwa sabata imodzi, tikadaika m'manda."

Anthu ankakondwa kwambiri kumva kuti makina awo anali pafupi kufa. A hedimasitala ena anakadzitama kumowa kuti yawo inapezeka ndi zolakwika zikwi zitatu, ndipo mwini butchala, amene yake inali ndi mazana asanu okha, anawaitananso a Gedion kuti akayang'anitsitse bwino. Masiku amenewo ndalama yolandira m'mawa inkakhala itasanduka pepala pofika masana, choncho a Gedion ankalandira shuga, sopo, kapena botolo la mafuta ophikira. Magetsi ankabwera ngati mlendo wosalonjeza. Babu likangoyaka, ankasiya chilichonse, ngakhale atapaka sopo tsaya limodzi, n'kunyamula chikwama. Mayi Leticia anasiya kuseka tsiku limene anathira shuga masipuni awiri mu tiyi.

Kasitomala wawo wokhulupirika anali a Feston Kamwendo, mkulu wa mpingo umene a Gedion ankapemphera. A Feston ankagulitsa zitsulo za zigayo kwa okumba golide, ndipo mwana wawo Praymore anawatumizira kompyuta yatsopano kuchokera ku Mangalande, yolumikiza intaneti kudzera pa waya wa foni. Makinawo analibe vuto lililonse. Komabe Lachisanu lililonse a Feston ankatuma uthenga woti kompyuta yayambanso kuchedwa. A Gedion akafika, mkuluyo ankatseka chitseko n'kuima pambali.

"Achimwene, musaiwale mbali ya mapazi ija."

"Ndasesa kale, akulu."

"Sesaninso. Dothi limabisala."

A Gedion ankasesanso, n'kulandira kilo ya mpunga. Zaka za m'maofesi zija zinawaphunzitsa kusafunsa chimene chadetsa pansi.

Akazi a a Feston, mayi Loyce, ankayenda malonda a ku Musina, tauni ya kutsidya kwa malire, ndipo anali munthu woti apolisi a pamalire ankamupatsa moni poyamba. Tsiku lina Lachinayi, sabata imene sanapite kuulendo, amuna awo ali kushopu, anaitanitsa a Gedion. Anawakhazika pampando, anawathirira tiyi wamkaka ndi buledi wopaka majarini, zinthu zimene a Gedion anali atatha miyezi osaziona pamodzi. Anadikira mpaka mlendoyo ataluma kachiwiri.

"Bambo Kachingwe, ine ndimasesa nyumba ino tsiku lililonse, ndipo zinyalala ndimakataya kudzala. Inu zanu mumataya kuti?"

"Zimangotha, mayi. Zimasungunuka."

"Palibe chinyalala chimene chimasungunuka. Kompyuta yatsopano ingamadwale Lachisanu lokhalokha, tsiku limene ine ndimabwera kuchokera kuulendo? Ndionetseni dzala."

A Gedion anayang'ana buledi, anayang'ana chitseko. Kenako anakumbukira zija ankavomera kusunga nthawi zonse, ndipo mtima unakhala pansi, chifukwa anali atazitsegulapo kamodzi n'kuona kuti palibe munthu wobadwa kwa mkazi angaziwerenge. Anatsegula. Pagalasi panadzaza mizere ya zilembo zikuluzikulu zosapanga mawu, timizere topendekera, ndi manambala osatha.

"Dzala lake ndi limeneli, mayi. Koma mulibe nkhani ya munthu m'menemu. Ndi chinenero cha makina okhaokha."

Mayi Loyce anawerama n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Zimenezi zingatuluke papepala?"

Purintala, mapepala ndi inki mayiwo anali nazo, zochokera ku Musina komweko. Magetsi, amene ankathawa anthu ali pakati pophika, tsiku limenelo anakhazikika ngati nawonso akufuna kuona mapeto ake. Panatuluka masamba makumi anayi. Mayiwo anawasanja bwino patebulo, anavala magalasi, n'kuuza a Gedion kuti asachoke. Anawathiriranso tiyi wina.

A Feston anafika masana kudzadya. Atalowa anaona dasitikoti yoyera pa tsiku lolakwika, mulu wa mapepala, ndi akazi awo atagwira cholembera chofiira. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Khalani pansi, bambo a Praymore," anatero mayi Loyce. "Zonse zimene mwakhala mukusesetsa zili apa. A Kachingwe sanataye ngakhale chimodzi. Ndafika tsamba lakhumi ndi chiwiri. Mukufuna ndipitirize ndekha, kapena munena nokha?"

A Gedion anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma munali buledi.

A Feston anakhala m'mphepete mwa mpando. Mapepalawo sanawakhudze n'komwe.

"Ngati ndi nkhani ya ku Shurugwi, mwanayo palibe amene watsimikiza kuti ndi wanga."

Mayi Loyce anali asanamvepo nkhani ya ku Shurugwi imeneyi chibadwire. Komabe anangonyowetsa chala n'kutembenuza tsamba.

"Shurugwi ndadutsa kale. Pitirizani."

"Mayi wa ku Abidjan uja sindinamuonepo ndi maso. Timangolemberana. Ndi wamasiye, mwamuna wake anali ndi migodi, ndiye akufuna munthu woopa Mulungu womuthandiza kutulutsa chuma."

"N'chifukwa chake mumamutchula mayina okoma?"

"Anayamba ndi iyeyo."

Tsamba lina linatembenuzidwa. A Feston anapukuta thukuta ndi chipewa.

"Simenti ya tchalitchi ndinangobwereka. Matumba asanu ndi atatu. Ndimati ndibweza zinthu zikakhala bwino."

Apa mayi Loyce anavula magalasi.

"Simenti mwailembanso mu kompyuta?"

A Feston anaganiza kaye, ndipo nkhope yawo inasintha pang'onopang'ono atakumbukira kuti za simenti sanazilembepo m'kompyuta. A Gedion anaika kapu pansi mosamala, anapempha njira, n'kutuluka osadikira malipiro. Mpope wa njinga anauiwala pakhonde, ndipo sanapite kukautenga.

Pofika Lamlungu nkhani inali itazungulira Maglas yonse. A Feston anauza amuna anzawo kuti a Tsache amasunga zinyalala za anthu n'kumazigulitsa kwa akazi awo. Makompyuta a azibambo onse anachira tsiku limodzi, ndipo panalibenso woitana. M'malo mwake kunyumba kwa a Gedion kunayamba kufika azimayi, aliyense atanyamula kathumba ka shuga, kudzapempha mapepala akudzala.

A Gedion ankawauza zoona, kuti m'mapepalamo mulibe dzina la mkazi kapena la tauni, ndipo ngakhale iwo eni sadziwa chimene chinalembedwamo.

"Tikudziwa, sekuru," anayankha mayi wina. "Ife tikungofuna akhale ambiri."

Anakana masiku atatu. Ankati pa zaka zonse zimene anasesa sanaululepo za m'bini ya munthu, ndipo sangayambe atakalamba. Mayi Leticia anawafunsa kuti akuulula chiyani poti eni akewo akuti mulibe kanthu, n'kuwaonetsa chitini cha shuga chimene chinkaoneka pansi. Tsiku lachinayi a Gedion anavala dasitikoti.

Anatumikira nyumba zitatu. M'nyumba yoyamba bambo anavomera za mowa ndi njuga. M'nyumba yachiwiri bambo analira n'kuvomera zinthu zambiri, mpaka mkazi wake anachita kumuletsa. Nyumba yachitatu inali ya mphunzitsi wa masamu amene ankawadziwadi makompyuta. Iyeyo anatenga mapepalawo, anawerenga mizere iwiri, n'kufunsa mkazi wake ngati akufuna kumusudzula chifukwa cha pulogalamu ya purintala imene anachotsa chaka chatha. Anakafotokoza nkhaniyi kumowa, ndipo malonda a dzala anathera pomwepo.

Pambuyo pake a Gedion ankaitanidwa mwa apo ndi apo, makamaka kumasukulu ndi kwa anthu amene makina awo ankatenthadi. Mpope anagula wina. Ndalama za ku America zitayamba kugwira ntchito, m'tauni munadzaza anyamata odziwa kufufuta kompyuta yonse n'kuiyambitsanso, ndipo kachimbale kaja kanali katakalikakalika moti kankagwira ntchito tsiku limene kafuna. A Gedion sanadandaule kwambiri. Anapeza ganyu yosesa pa kiliniki ina, ndipo dasitikoti inawathandiza, chifukwa odwala ena ankawapatsa moni waulemu n'kuwaonetsa zotupa.

Mpingo unawaimitsa a Feston pa ukulu kwa chaka chathunthu chifukwa cha simenti ija. Za ku Shurugwi anakambirana ndi ankhoswe, ndipo mayi Loyce sanachoke panyumba, koma kompyuta anaisamutsira kuchipinda chochezera, galasi litayang'ana kukhitchini. Munthu woimitsidwa ankakhala pabenchi yakumbuyo, ndipo kumeneko ndi kumene a Gedion ankakhala chiyambire, pafupi ndi khomo, poti ankakonda kutuluka ulaliki ukatalika. Kwa miyezi iwiri anthu awiriwa ankakhala moyandikana osalankhulana.

Lamlungu lina a Feston anaiwala buku la nyimbo, ndipo a Gedion anawasunthira lawo kuti aonere limodzi. Ali pakati pa ndime yachiwiri, a Feston anawerama n'kunong'oneza.

"Achimwene, ndiuzeni zoona. Inu munawawerenga mapepala aja?"

"Ayi, akulu."

"Nanga amake Praymore?"

"Iwonso ayi. Palibe angawerenge zimene zija."

"Ndiye munalembedwa chiyani?"

"Anisa ankati ndi mayina a mapulogalamu akale."

Ndimeyo inatha. Kenako a Feston anakoka bukulo kuti liyandikire kwa iwo, anakonza kukhosi, n'kuyamba ndime yachitatu mokweza kwambiri moti azimayi a kutsogolo anacheuka.